Lachitatu, 13 Seputembala 2023: tsiku lomata chigamba

Ndinafika pa shopu yathu yopulinta ndi kusikana mapepala 7 koloko isanakwane, magetsi alipo. Ndikumwa tiyi ndinawerenga pa foni kuti dzulo kampani ya Adobe yatulutsa chigamba, ndiye kuti update yomata bowo la chitetezo, cha Acrobat ndi Reader, mapulogalamu amene timatsegulira ma PDF. Zigamba zawo zimakonda kutuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi, ndiye poyamba sindinatekeseke. Chimene chinandiimitsa mtima ndi mawu a eni akewo akuti bowo limeneli, lomwe alipatsa nambala ya CVE-2023-26369, mbava zayamba kale kulowerapo. Aliika pa mlingo woyamba, umene amalangiza kuti munthu amate pasanathe maola 72, kaya ali pa Windows kaya pa Mac.

Mphwanga amene amandithandiza kupulinta anafika ndili pakati pofufuza. Nditamuuza anati, "Achimwene, PDF si pepala chabe? Pepala lingabe chiyani?"

Funso limeneli landikhala m'mutu tsiku lonse, chifukwa makasitomala athu onse amaganiza chimodzimodzi. Fayilo ya PDF imanyamula zilembo zakezake, zithunzi zopanikizidwa, mafomu, nthawi zina ndi timalamulo ta kompyuta totchedwa JavaScript. Pulogalamu imayenera kumasula zonsezo isanakuonetse tsamba, ndipo pomasulapo ndi pamene imapunthwa. Ndinamufotokozera ndi nkhani ya munda. Pulogalamu imadzipatulira malo mu memory oti ilembemo, koma fayilo yokonzedwa mwaukathyali imaichititsa kulima mpaka kudumpha malire, n'kukadzala m'munda wa eni. Zimene yadzalazo ndi malamulo a mbava, ndipo kompyuta imawamvera. Iwe wangotsegula kalata basi.

Tsono taganizani ntchito yathu. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo timatsegula mafayilo a anthu osawadziwa, ena pa fulashi, ena pa WhatsApp, ena pa imelo. Pa kompyuta yomweyo pali zitupa za unzika zimene tinasikana, masatifiketi a MSCE, ma CV okhala ndi manambala a foni, makalata a kubanki. Anthu anatisiyira zimenezi potikhulupirira. Ndikaganiza zimenezo ndalama ya bandulo imaoneka yochepa, ngakhale kuti bandulo yomweyo ndi imene inandichititsa kutseka ma update miyezi yapitayo. Ndinalakwitsa, ndipo lero ndawatsegulanso.

Kompyuta yakutsogolo sinavute. Ndinapita pa Help, kenako Check for Updates, n'kuisiya ikukoka. Magetsi anathima cha m'ma 10 isanamalize, anabwera 1 koloko itadutsa, ndinayambiranso.

Yakumbuyo ndi imene inandidetsa nkhawa. Tinaigula yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo nditayang'ana ndinapeza kuti ili ndi Reader XI. Adobe inasiya kutulutsa zigamba za Reader XI mu 2017. Zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi khomo lili pululu, ife tikutsegulirapo ma PDF a aliyense wodutsa mumsewu! Ndinaichotseratu n'kuika yatsopano. Pa makompyuta onse awiri ndinalowa mu Preferences, ndinazimitsa JavaScript, n'kuyatsa Protected View kuti fayilo iliyonse izitseguka ili m'khola. Zimenezi sizilowa m'malo mwa chigamba ayi, zimangochepetsa njira zolowera.

Masana kunabwera amayi ena odzapulintitsa kalata yofunsira ntchito, anandipeza ndikudikira kuti kompyuta iyakenso. "Bambo, mukuchedwetsa, ofesi atseka," anatero. Ndinawapepesa n'kuwauza chifukwa chake. Anakhala pa benchi, kenako anafunsa ngati za pa foni zilinso choncho.

Zili choncho, amayi. Ndinawauza nkhani imene sindiiiwala, ndipo lero yakwanitsa zaka ziwiri ndendende. Pa 13 Seputembala 2021 Apple inatulutsa iOS 14.8, update ya ma iPhone, pofuna kutseka bowo limene akatswiri a Citizen Lab, a ku yunivesite ya Toronto, analipeza mu foni ya munthu wina womenyera ufulu wa ku Saudi Arabia. Fayilo inkabwera pa iMessage, pulogalamu ya mauthenga ya pa iPhone, ikuoneka ngati chithunzi cha GIF, pamene m'kati inali PDF. Mwini foni sankafunika kudina chilichonse. Foni inkaimasula yokha, pulogalamu yaukazitape ya Pegasus, ya kampani ya NSO Group, n'kulowa. Akatswiri a Google Project Zero atazifufuza anapeza kuti opangawo anagwiritsa ntchito JBIG2, njira yakale yopanikizira zithunzi zosikana, n'kumanga nayo kakompyuta kena m'kati mwa fayiloyo. Luso loterolo limandiopsa, chifukwa pa shopu pano timasikana mapepala tsiku lililonse osadziwa kuti pansi pake pali zinthu zakuya chonchi.

Amayiwo anatenga kalata yawo, koma asanatuluke anandipatsa foni kuti ndiwaonetse pomwe amaonera ma update. Anali ndi update yodikira kuyambira kalekale. Ndinawalumikiza pa intaneti ya shopu mpaka inatha.

Tisanatseke ndinakhala pansi ndi mphwanga, tinafufuta zitupa ndi masatifiketi onse a makasitomala amene anatenga kale mapepala awo. Tagwirizana kuti tizichita zimenezi Loweruka lililonse. Pa kalendala ya pakhoma ndazunguliza 10 Okutobala, Lachiwiri lachiwiri la mwezi wamawa, ndipo ndalama ya bandulo ya tsikulo ndaiika kale mu envulopu.