Linali fupa ndithu, kungoti linadzera kwina

Popeza nkhaniyi yayamba kuyenda yokha, moti dzulo wina wandiimbira foni n'kungoyamba kuuwa osapereka ndi moni womwe, bola ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga. Choyamba, sindinatafune. Amene akufalitsa zoti ndinatafuna ndi wabodza, ndipo ndikumudziwa. Ndinanyambita. Kawiri. Kachitatuko kanali kongotsimikizira.

Inu amene simunalowepo m'dzenje lofukula zakale dziwani kuti kunyambita si misala yanga ndekha. Fupa lakale likauma limakhala ndi timabowo ting'onoting'ono, ndiye ukaliika palilime limayamwa malovu n'kukakamira. Mwala nthawi zambiri sukakamira. Dzuwa likakhala paliwombo, m'manja muli kanthu kotuwa kosadziwika mutu wake, lilime limakuyankha msanga kuposa labotale ina iliyonse. Ndagwira ntchitoyi zaka 22 ndipo lilime langali linali lisanandinamizepo. Ngakhale tsikulo silinaname, koma zimenezo tifikako.

Tinkakumba pamalo podzadutsa msewu, ntchito ija yothamangitsana ndi mathirakitala, yoti upulumutse zomwe ungathe asanathirepo phula. Mvula itatidula, tinafunditsa maenje ndi mapulasitiki n'kuchokapo miyezi iwiri, kusiya mlonda ndi galu wake. Tsiku lobwerera ndi lomwenso anatitumizira ophunzira asanu ndi atatu a ku yunivesite, pamodzi ndi bwana wina wa ku ofesi, amene amasainira ndalama zathu koma nsapato zake zinali zisanalawepo matope.

Ndiye ndinavala ukatswiri wonse. Ndinawauza kuti za golide aiwale. Howard Carter anapeza manda a Tutankhamun, mfumu yakale ya ku Igupto, mu 1922, ndipo chiyambire pamenepo anthu amayesa ife timangotsegula zitseko n'kuona zonyezimira, chonsecho moyo wathu ndi kupala dothi ndi kampeni, kusefa, kukoka tepi, kuwerenga mapale ndi kulemba mafomu mpaka mawondo kulira. Ndinawaonetsa m'khoma la dzenje mmene dothi limagonerana, lapansi lakale, lapamwamba latsopano, pokhapokha china chitasokoneza. Mawu amenewo, "pokhapokha china chitasokoneza", anatuluka pakamwa pomwe pano. Ndinafika mpaka pa makala, kuti carbon-14 amene ali m'kati mwake amatha theka pa zaka 5,730 zilizonse, ndiye tikayeza wotsalayo timadziwa zaka za chinthucho, nzeru imene inam'patsitsa Willard Libby mphoto ya Nobel mu 1960. Bwana uja mutu gwedegwede. Ine n'kumaona ndalama za chaka chamawa zikundimwetulira.

Kenaka mtsikana wina anakuwa ali pakona. "Aphunzitsi, tabwerani mudzaone!" Kanthu koyera ngati choko, kotalika ngati chala, kosongoka mbali imodzi, kali gone pa dothi lathu lakalekale. Tinakachitira ulemu wonse. Tinakajambula, kandodo koyezera kali pambali, kamuvi kakuloza kumpoto. Tinayeza kuya kwake. Tinakapatsa nambala m'kaundula, ndi inki. Mnyamata wina anatulutsa buku la Munsell, lija la mitundu ya dothi, n'kumafananiza mofatsa ngati akusankha utoto wa nyumba yake. Atandifunsa ngati kanali fupa kapena mwala, ndinati, "Yang'anitsitsani ana inu, izi za m'mabuku mulibe."

Kanakakamira. Anthuni, kanakakamira kuposa fupa lililonse limene ndinanyambitapo. Ndinachotsa dzanja n'kukasiya kali lende palilime. Ndinatembenuka nako pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, kuti aliyense akhute kuona. Mafoni anatuluka. Bwana anaomba m'manja. Ndinakachotsa, ndinalengeza kuti "fupa", n'kukabwezeranso chifukwa akumbuyo anadandaula kuti sanaone bwino. Pamenepo m'pamene ndinamva kakomedwe kachilendo, kowawasira, kokwera mpaka m'mphuno. Munthu wanzeru akanachita mantha. Ine ndinasangalala. Mumtima ndinati mwina ndi nyama imene sinapezekepo chiyambire. Ndinayamba kupeka mutu wa lipoti langa. Ndinaona dzina langa atalipinda m'Chilatini n'kulimata kumapeto kwa dzina la nyamayo, ana asukulu akulilephera pa mayeso.

Mlonda uja, mkulu waulemu wake, anasendera m'mphepete mwa dzenje chipewa chili m'manja.

"Pepani bwana, ndingalankhuleko?"

Ndinamukodola ndi dzanja, poti lilime linali pantchito.

"Galu wangayu nthawi ya mvula ija amabisala pansi pa pulasitikiyu. Ndiye zina amamalizira momwemo. Kuseriko ziliponso zambiri, ngati zikufunika ndikutolereni."

Kunangoti zii. Ngati carbon-14 amayeza chete, ameneyo akanapeza zaka 5,730 zathunthu. Galuyo anali pomwepo, ali khale, mutu atapendeketsa, akundiyang'ana ngati mmisiri amene wapeza munthu womvetsa luso lake. Tsono vuto la chinthu chokakamira n'lakuti sichigwa chokha ngakhale utachidziwa dzina. Ndinalavula, osachoka. Ndinapukusa mutu, chinangovina. Ndinachita kuchimatula ndi zala ziwiri, ndipo chinasiyako kachidutswa ngati chikumbutso. Bwana, amene manja ake anali akadali m'malere, anawatsitsa mwakachetechete n'kuwabisa m'matumba. Mtsikana uja, cholembera chili m'manja, anafunsa ndi mtima woona, "Ndiye aphunzitsi, m'kaundulamu ndilembe chiyani?"

Tsopano mumveko mbali yanga. Galu akamadya mafupa ambiri, zotuluka zake zimadzaza calcium, ndipo zikauma zimayera ngati choko. Ndiye kuti chimene lilime langa linapeza chinali fupa. Fupa lenileni. Kungoti linadzera kwina lisanandipeze. Funso linali loti fupa kapena mwala, ndipo ndinakhoza. Za msinkhu wake palibe anandifunsa. Komanso zinthu zimenezi musamazinyoze. Ku York, ku England, mu 1972 anafukula chimbudzi chouma cha munthu wa nthawi ya ma Viking, anthu akale ochokera ku Scandinavia, chotalika masentimita 20, chimene chinaulula kuti mwini wake anali ndi njoka zam'mimba. Chili m'galasi ku Jorvik Viking Centre, nyumba yoonetsera zakale, anthu amachita kulipira kuti akachione. Changachi chinangoperewera zaka 1,000 basi. Ndinangofulumira kuchipeza.

Madzulo ake, ndili pa botolo lachinayi la madzi otsukira m'kamwa, mnyamata wa Munsell uja anabwera kudzandikumbutsa kuti masiku ano akatswiri ambiri amaletsa kunyambita, poti malovu amaononga DNA ya chinthucho. Ndinamuuza kuti pa mlandu uwu woonongedwa si chinthucho.

Nambala ikalowa m'kaundula siifufutidwa, mwambo wa ntchito yathu ndi umenewo. Choncho kanthu kaja kali m'kathumba kake m'bokosi, palembedwa dzina la wokapeza ndi la wokazindikira. Za ndalama za chaka chamawa sitinamvebe kanthu. Mlonda amandipatsabe moni ndi ulemu wonse, koma galu uja akangondiona amathamangira kuseri kwa pulasitiki. Kaya amakabisa, kaya amakandikonzera zina, ine kumeneko sindipitako.