Usiku umene nkhope yanga inagwira ngumbi

Ine ndine wojambula zithunzi, ngakhale masiku ano aliyense wokhala ndi foni yong'aluka galasi akudzitcha dzina lomwelo. Ntchitoyi ndinayamba nthawi ya filimu ya zithunzi 36, pamene munthu unkayamba waganiza usanadine, chifukwa kudina molakwika kunali kutaya ndalama. Filimu ikadzaza ndinkakwera minibasi pa Nchalo, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukwera zitunda za ku Thabwa minibasi ikubuula ngati ng'ombe yokana dibi, mpaka ku Blantyre kukatsukitsa. Pobwera anthu ankandichingamira pa siteji. Munthu ankaona nkhope yake patatha sabata ziwiri, ndipo akapeza kuti anatsinzina, ankalipirabe. Maso ndi ake.

Mafoni anandilanda zonsezo. Panopa ndimadya za zithunzi za pasipoti, ana a nazale akavala magauni, ndi maukwati a anthu ochepa amene akadali ndi ulemu.

Ndiye musandiweruze msanga ndikanena kuti mtima unasungunuka tsiku limene anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi anafika pakhonde la situdiyo yanga n'kunditcha "akatswiri". Anali ophunzira za uphunzitsi, aja amawatumiza m'sukulu za kumudzi kudzayeserera ntchito asanamalize koleji. Ku koleji kwawoko ali ndi kagulu kojambula zithunzi ndi koonetsa makanema, ndipo kuno anabwera ndi laputopu imodzi ndi pulojekita yobwereka. Ankafuna kuonetsa kanema waulere pabwalo, mphepo ikuwomba, osati muja mwa vidiyo pamsika momwe anthu amathinana m'kachisakasa ka malata mpaka kutuluka atapsa ngati mbatata. Kanemayo asanayambe, ankafuna anthu aone zithunzi za kwawo komwe, zojambulidwa ndi munthu wa konkuno.

"Madala, nkhokwe ya zithunzi ndinu," anatero mtsikanayo.

Ndinavomera asanatseke pakamwa.

Vuto linali poonetsera. Makoma aakulu onse pa Nchalo anapakidwa kale penti wa makampani a mafoni, ena ofiira, ena obiriwira, ndipo otsalawo ndi a njerwa zosapaka. Pankafunika nsalu yoyera, yaikulu. Ndinadzimenya pachifuwa n'kunena kuti imeneyo andisiyire.

Apa ndiyenera kulowetsa apongozi anga. Amayiwa kwawo ndi ku Makhanga, ndipo takhala nawo pakhomo kuyambira mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola nyumba yawo. Anapulumuka ndi zinthu zitatu: Baibulo, poto mmodzi, ndi kasutikesi kabuluu kamene anasenza pamutu madzi ali m'chiuno mpaka bwato litawapeza. Kasutikesiko kamakhala pansi pa bedi lawo. Tsiku lina akuyanika za m'katimo padzuwa ndinaona nsalu yoyera mbee, yaitali, yosadulidwa, yopindidwa ngati kalata. Diso la wojambula siliiwala choyera chotero.

Mkamwini wanzeru akanapempha. Koma ine ndi apongozi sitichulutsa mawu. Ndimawapatsa moni nditanjuta chapatali, iwo amayankha m'Chisena, zathera pomwepo. Pempho likanayenera kudzera mwa akazi anga, ndipo akazi anga ali ndi mafunso ochuluka kuposa apolisi a pa rodibuloko. Ndinawerengera ndekha: kutenga 4 koloko iwo ali kumpondamatiki, kubweza 10 koloko usiku, nsaluyo yangoonera nawo kanema basi. Kuwala sikudetsa nsalu.

Linali Lachisanu la mu Novembala. Odziwa Chigwa cha Shire akuudziwa mwezi umenewu: kutentha kumadutsa madigiri 40, anthu amagona panja pa mphasa, agalu amakumba pansi pa mtsuko kufuna pozizira. Koma tsikulo, cha m'ma 2 koloko, mitambo inaunjikana cha kumapiri a Thyolo ndipo kunagwa mvula yoyamba, yamphamvu, ya ola limodzi. Kenako kunayera. Fumbi linagona, nthaka inanunkhira. Ine ndinati Mulungu wadalitsa pulogalamu.

Tikumanga nsalu pakati pa mlambe ndi nsungwi imene tinazika, panali gogo wina wamkazi atakhala pa muzu. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana chulu cha kuseri kwa bwalo, kenako anayang'ana pulojekita.

"Mwanawe, chimenechi chimawala kwambiri?"

"Kwambiri, agogo. Ngati masana."

Anangoti "Ehe," n'kutuma mdzukulu wake kukatenga beseni kunyumba. Ine ndinkaganiza kuti akufuna chokhalira.

Pofika 6 koloko bwalo linali litadzaza. Ana kutsogolo pa dothi lonyowa, amayi pa zitenje, anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo kumbuyo, odula nzimbe oweruka kumene, amfumu pa mpando wa pulasitiki. Jenereta tinabwereka kwa wometa tsitsi, tinathiramo malita awiri a petulo. Akazi anga anabwera, ndipo anabwera ndi amayi awo, n'kukhala mzere wachiwiri. Zimenezi sindinaziwerengere. Koma kunali kukuda, ndipo ndinadzilimbitsa mtima kuti nsalu zoyera zonse zimafanana.

Panalinso kena. Mtsikana uja anali atandiuza masiku atatu m'mbuyomo kuti ndisankhe zithunzi 20. Ine ndinaona ngati chipongwe. Kusankha n'kwa anthu amene ali ndi zithunzi zoipa. Ndinangozula memore khadi m'kamera n'kumupatsa madzulo omwewo.

Zoyambazo zinalidi zabwino, ndipo izi ndizinenabe ngakhale zinatha mmene zinathera. Asodzi a ku Elephant Marsh m'mabwato awo m'bandakucha, madzi ali phee ngati galasi. Ngolo yodzaza thonje, mwana atagona pamwamba. Utsi wa nzimbe zikuotchedwa zisanadulidwe, dzuwa likulowa kuseri kwake lili psuu. Nyala ya ku Lengwe imene ndinaidikira maola atatu udzudzu ukundidya. Anthu amene amadutsa zinthu zimenezi tsiku lililonse osacheuka anali chete, kenako ankafuula akazindikira munthu: "Si amalume awo! Amalume!" Ine ndinali nditagwira maikolofoni, ndikufotokoza za kuwala ndi mthunzi, mawu nditawakulitsa ngati a pa wayilesi. Amfumu ankagwedeza mutu. Ndinaona akazi anga akugunda mnzawo ndi chigongono monyada.

Ndinali nditapatsa nsalu msana, ndikunena kuti wojambula weniweni amaiwala ngakhale njala akakhala pa ntchito, pamene bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Ndinacheuka.

Panali ine. Shati yoyera ya maukwati, nditakhala pa benchi ya kanyenya ku Ngabu. Dzanja lamanja nthiti ya mbuzi, lamanzere botolo, patebulo mabotolo ena anayi opanda kanthu. M'thumba la shati ndalama zikusuzumira. Kukamwa kuli yasa, ndipo pa nsalu ya apongozi kukamwako kunali kwakukulu ngati khomo la khola. Kumunsi, m'manambala achikasu, tsiku ndi ola, zimene ine ndemwe ndinatchera kamera kuti izilemba pofuna kuti makasitomala asamakane ngongole.

Tsiku limenelo akazi anga ankalidziwa bwino. Ndi lija ndinakajambula chinkhoswe ku Ngabu n'kubwerako usiku ndi nkhani yoti eni mwambo sanalipire, akuti ndidikire agulitse mbuzi, ndipo ndachokako osalawa kanthu. Akazi angawo anandimvera chisoni mpaka anandipatsa therere limene anasungira ana. Ndinadya, ndikuusa moyo. Mnzanga amene anandijambula pa kanyenyapo ndinali nditamuuza kuti afufute. Mpaka lero akuti anadina batani limene ndinamulozera.

"Pitirizani! Chotsatira!" ndinatero, kuiwala kuti maikolofoni ili pakamwa.

Mnyamata wa pa laputopu anadina. Palibe. Anadinanso, anagwedeza mausi, anaiuzira mpweya kunsi. Laputopu inali itauma gwa. Ena amati ndi kutentha, ena amati ndi memore khadi yanga. Ine ndinangoima pansi pa kukamwa kwanga komwe, ndikumva maso a mzere wachiwiri akundiboola pakhosi.

Kenako china chake chinatera pamphuno pa chithunzicho. Chinanso pa dzino. Zinanso zisanu pa shati. Mwana wina anakuwa mawu amodzi okha:

"Ngumbiii!"

Amene munakulira m'tauni mvetsani. Ngumbi zimatuluka m'chulu mvula yoyamba ikagwa, ndipo zimathamangira kulikonse kumene kuli kuwala. Anthu amazigwira ndi nyali ya parafini kapena muuni wa udzu, beseni la madzi lili pansi. Ife tinali titaziikira nyali yaikulu kuposa ina iliyonse imene mudziwo unaonapo, pafupi ndi chulu, ndipo pakati pa nyaliyo panali shati yanga yoyera. Zinabwera ngati utsi. M'kanthawi kochepa nkhope yanga inamera ndevu zoyenda, ndipo zinkaoneka ngati zikulowa m'kamwa muja kukathandiza mbuzi.

Ana anafika pa nsalu poyamba, ndi manja amatope. Amayi anamasula mipango, ena anathamangira kunyumba kukatenga mabeseni ndi ndowa. Anyamata a kabaza ankawolera m'zipewa. Gogo uja anali atatchera kale beseni lake pamalo abwino kwambiri, pansi penipeni pa chibwano changa, ndipo ankangogwedeza nsalu pang'onopang'ono ngati munthu wogwedeza masau. Ana ankamenya ngumbi pa nsalu ndi zikhatho: phwa, phwa, phwa, pamasaya anga. Ngumbi ndi mafuta okhaokha. Kumenya kulikonse ndinkakumva m'mimba.

Mnyamata uja anazimitsa laputopu n'kuyatsanso, ndipo mwachifundo chake anadumpha zithunzi zonse n'kuika kanema. Ndinapuma. Koma kanemayo ankayamba ndi anthu awiri akunong'onezana m'nkhalango usiku. Nsalu inada bii. Ngumbi zinabalalika, zina kupita ku galasi la pulojekita, zina ku matochi a mafoni.

Bwalo linakwiya.

"Bwezeretsani bambo aja!"

"Tikufuna a kanyenya!"

Mtsikana uja anayesa kufotokoza kuti kanemayu ali ndi phunziro. Palibe anamumva. Amfumu anaimirira, anakweza dzanja, anthu anakhala chete, ndipo ine ndinadziwa kuti ulemu wabwerera.

"Ana inu, kanema tidzaonera tsiku lina," anatero amfumu. "Ngumbi sizidikira. Bwezerani chithunzi chija."

Ndinapempha monong'ona kuti aike cha thonje, thonjenso ndi loyera. Anachiika. Anthu anakana, akuti cha thonje chili ndi mthunzi wambiri, cha shati ndiye chikukoka. Ndipo ngati katswiri ndiyenera kuvomereza kuti ankanena zoona: mnzanga uja anajambula ndi fulashi ali pafupi, shati inawala mopitirira. Chithunzi choipa kwambiri pa khadi yonse, chimene sindinajambule ine, ndicho chinakhala pa nsalu kupitirira ola lathunthu, mpaka petulo atatha m'jenereta. Sindinalakalakepo petulo kutha ngati usiku umenewo.

Anthu anabalalika akuthokoza. Ena anandigwira chanza. Mayi wina anati pulogalamu yotere izichitika chaka chilichonse.

Tikumasula nsalu, tochi ya foni inaunika zimene zinatsala. Zikhatho zamatope kuyambira pansi mpaka pamene mwana wamtali amafika. Madontho a mafuta osawerengeka. Mapiko omatirira. Ngodya imodzi inali itang'ambika pamene wina anakoka. Ndikuipinda mofulumira, ndinamva kayendedwe kamene ndimakadziwa. Apongozi anagwira ngodya ina, anaitembenuza, n'kupeza kamtanda kofiira kamene anasoka okha ndi ulusi. Ine kamtandako ndinali ndisanakaone.

Sanandiyang'ane. Anayankhula ndi mwana wawo, m'Chisena chapang'onopang'ono chimene ngakhale mbuzi ikanamva. Anati nsaluyo anagula amuna awo asanamwalire, ziwiri, ina anapita nayo bambowo, iyi ndi ya ulendo wawo. Anati madzi a Freddy anailephera. Kenako anapempha mwana wawoyo kuti awafunsire kwa bambo a m'nyumba ngati akufuna kuti iwo akafike kwa Mulungu akununkha ngumbi, atafunda munthu wodya mbuzi.

Ndinanjuta pamatope pomwepo. Mawu sanabwere.

Za ulendo wa ku Limbe kukagula nsalu ina, za tambala amene ndinapereka popepesa, ndi za dzina la "a Kanyenya" limene ana a sukulu akundiitana mpaka pano, zinadza pambuyo. Ophunzira aja anadzaonetsa kanema wawo Lachisanu lotsatira pa khoma limene anapaka laimu, ndipo sanandipemphe zithunzi.

Chimene chinandilasa ndi nkhomaliro ya Loweruka. Akazi anga, ndi mkwiyo wonse uja, sanabwerere chimanjamanja: anadzaza ndowa. M'mawa anazikazinga, anathira mchere, anaziyanika padzuwa, anapeta mapiko. Fungo linafika mpaka ku situdiyo. Masana ndinasamba m'manja, ndinakhala patebulo, ndinavundukula mbale ya ndiwo.

Therere.

Ndinayang'ana pakhonde pamene ana ndi agogo awo ankadyera, mbale ya ngumbi ili tho pakati.

"Mayi, nanga zija?"

"Inu munadya kale ku Ngabu, bambo."

Ndinatema nsima. Patapita kanthawi apongozi anamaliza, anasamba m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni pakhomo pano anatembenukira kwa ine mwachindunji. Anawomba m'manja kawiri mwaulemu n'kunena kuti, "Takhuta." M'Chisena ndiye kuti zikomo. Koma mmene anapukutira mafuta pamilomo, ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo anayankhula Chichewa.