Sabata ya khadi lomwe linkasowa pa PCI Express

Seva yomwe imalandira zithunzi kuchokera ku makamera a kuntchito kwathu ili ndi khadi lapadera lolowetsedwa pa PCI Express (njira yolumikizira makhadi ku bolodi lalikulu la kompyuta), ndipo khadi limeneli ndilo landidyera sabata yonse, chifukwa linayamba kumangosiya kuyankha mpaka munthu atazimitsa makina onse n'kuwayatsanso. Lolemba nditatsegula dmesg, yomwe imaonetsa mauthenga a mkati mwa makina, ndinapeza kuti Linux inali itayamba kale kudandaula. Mizere yambiri ya AER, gawo lomwe limanena za zolakwika za pa PCI Express, inkatchula Bad TLP ndi Receiver Error, zomwe ndi zolakwika zoti makinawo amazikonza okha potumizanso paketi yowonongekayo, koma kumapeto kwake kunali Surprise Down, kutanthauza kuti kulumikizana kwa khadi ndi bolodi kunaduka mosayembekezereka. Mzere wotsatira ndiwo unandiuza zambiri, popeza kernel, phata la Linux, inalemba kuti singathe kulidzutsa khadilo chifukwa driver wake, pulogalamu yoyendetsa khadilo, alibe error_detected, gawo lomwe kernel imaitana khadi likachita ngozi.

Mnzanga wina anati tingoika pci=noaer poyatsa makina kuti mauthengawo aleke. Ndinakana mwaulemu, chifukwa kutero n'kutseka pakamwa mwana wodwala kuti asalire. Khadi likanapitirizabe kufa, ife osadziwanso chomwe chalipha.

Lachiwiri mpaka Lachinayi ndinali mu driver, yemwe analembedwa konkuno zaka zapitazo. Khadi likasowa pa PCI Express, chilichonse chomwe kompyuta ikuwerenga kwa ilo chimabwera ngati 0xFFFFFFFF, ndipo driver wathu ankatenga nambala imeneyi ngati yankho lenileni lonena kuti khadi likadali pa ntchito, motero ankangodikira mpaka kalekale. Chinthu choyamba chinali kumuphunzitsa kukayikira nambalayo. Kenako ndinawonjezera pci_error_handlers, njira yomwe Linux imayankhulira ndi driver pakachitika ngozi yotere. Pa error_detected, driver amasiya kukhudza khadi, amaimitsa ntchito zonse zomwe zinali pamzere, n'kuyankha PCI_ERS_RESULT_NEED_RESET. Kernel ikatha kulidzutsa khadilo, imaitana slot_reset, ndipo apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, chifukwa khadi limabwerera litaiwala zonse: pafunika pci_restore_state kuti libwezeredwe maadiresi ake, firmware yake (pulogalamu ya mkati mwa khadi) ilowetsedwenso, ndiponso lipatsidwenso chilolezo cha DMA, chomwe chimalilola kulemba ndi kuwerenga lokha mu memory ya kompyuta. Zonsezi zikayenda bwino, resume imatsegulira pulogalamu yathu kuti ipitirize kulandira zithunzi.

Chomwe chinanditengera nthawi yaitali kulingalira ndi zithunzi zomwe zinali pakati pa ulendo ngoziyo ikuchitika. N'kosavuta kuzipereka kwa pulogalamu ngati kuti zafika zonse, koma chithunzi chodukiza chomwe chikuoneka chathunthu n'choopsa kuposa chithunzi chomwe chasowa, makamaka kwa anthu omwe adzachifune ngati umboni. Ndinasankha kuti chilichonse chotere chibwerere ndi uthenga wonena kuti chalephera, ndipo pulogalamu ilembe nthawi yomwe kusowako kunachitika.

Poyesa ndinagwiritsa ntchito aer-inject pa makina ena osagwira ntchito za tsiku ndi tsiku. Chida chimenechi chimangochititsa kernel kukhulupirira kuti cholakwika chachitika, sichidula kulumikizana kwenikweni, choncho sindinachidalire kotheratu, komabe chinandionetsa driver akudutsa magawo onse mpaka khadi kuyambanso kutumiza zithunzi popanda kuzimitsa chilichonse.

Lachisanu madzulo, anthu ataweruka, tinatsegula seva ija. Khadi linali pa riser, bolodi yaing'ono yolilumikiza ku bolodi lalikulu, yomwe kachitsulo kake komangira kanali kolendewera, moti ukaligwira ndi chala linkagwedezeka pang'ono, ndipo timano take tagolide tinali titachita fumbi lotuwa. Tinatipukuta ndi isopropyl, n'kulikhazika bwino, n'kumanga sikulu. Kuyambira pamenepo nambala za mu aer_dev_correctable, momwe Linux imawerengera zolakwika zodzikonza zokha zija, sizinakwerenso. Riser ina taitanitsa kale, ndipo ndakonza zoti seva izinditumizira uthenga nambalazo zikangoyamba kusuntha.