Masiku 171 a Kris Bryant ndi funso la nthawi yokweza wosewera

M'phunziro lathu la kayendetsedwe ka masewera tinapatsidwa nkhani ya baseball ya ku America, masewera amene ambiri a ife timangowaonera pa intaneti. Funso linali lalifupi: timu ikakhala ndi mnyamata waluso m'matimu ake ang'onoang'ono, imukweze liti kupita ku timu yaikulu? Anzanga ambiri anayankha kuti akapsa, ndiye kuti aphunzitsi akaona kuti wakonzeka. Yankho limeneli ndi loona, koma nditawerenga malamulo a makontrakiti ndinapeza kuti pambali pa aphunzitsi palinso munthu wina amene amayang'ana kalendala, ndipo nthawi zambiri mawu omaliza amakhala ake.

Timu iliyonse mwa matimu 30 a Major League Baseball ili ndi matimu ake osulira achinyamata, otchedwa minor league, ndipo ali m'masitepe anayi: Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A. Mnyamata amakwera pang'onopang'ono, akuyenda pa basi m'matauni ang'onoang'ono, malipiro ake ochepa. Akangofika ku timu yaikulu, tsiku lililonse limene dzina lake lili pa mndandanda limawerengedwa. Masiku 172 ndiye chaka chimodzi cha ntchito. Zaka zitatu zoyambirira timu imamulipira pafupifupi malipiro otsikitsitsa amene malamulo amalola. Zikatha zimenezo amakhala ndi ufulu wokatsutsana ndi timu pa nkhani ya malipiro pamaso pa oweruza apakati. Akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi amakhala mfulu, timu iliyonse ikhoza kumugula, ndipo ndalama zenizeni zimabwera apa. Tsono nyengo ya masewera ndi yotalikirapo kuposa masiku 172. Timu ikamusunga mnyamata ku Triple-A kwa milungu iwiri yoyamba, chaka chake choyamba sichikwana, ndipo timu imakhala naye nyengo zisanu ndi ziwiri m'malo mwa zisanu ndi imodzi.

Nkhani imene inandigwira mtima ndi ya Kris Bryant wa Chicago Cubs. Anasankhidwa wachiwiri pa draft ya 2013, mwambo umene matimu amasinthana kusankha osewera achinyamata atsopano. Mu 2014 anamenya ma home run (kumenya mpira mpaka kuutulutsa kunja kwa bwalo) 43 ku Double-A ndi Triple-A, kuposa wina aliyense mu minor league chaka chimenecho. M'masewera okonzekera nyengo ya 2015 anamenyanso 9. Aliyense ankaona kuti mnyamatayu alibenso chophunzira kumunsi. Komabe akuluakulu a Cubs, motsogozedwa ndi Theo Epstein, anamutumiza ku Iowa, ku timu yawo ya Triple-A, akuti akakonze kagwiridwe ka mpira pa malo ake a third base. Anamuitana pa 17 April 2015, osewera ena a malo amenewo atavulala. Nyengo itatha, masiku ake anali 171. Linasowa tsiku limodzi lokha.

Tsiku loyambalo Bryant anakanika kumenya mpira maulendo onse anayi, ndipo atatu mwa iwo anatuluka ndi strikeout (kuphonya mipira itatu). Wina akanati Epstein ankanena zoona. Koma chaka chomwecho anamenya ma home run 26 nasankhidwa ndi atolankhani onse oponya voti kukhala Rookie of the Year (wosewera watsopano wopambana pa chaka) wa National League, imodzi mwa ligi ziwiri za Major League Baseball. Chaka chotsatira anakhala MVP (wosewera wopambana onse mu ligi), ndipo Cubs inatenga World Series, chikho chachikulu cha matimu onse, koyamba chiyambire 1908. Milungu iwiri ya ku Iowa ija sindikuona kuti ndi imene inamusula chonchi.

Bungwe la osewera linakadandaula, ndipo nkhaniyi inakoka zaka. Mu January 2020 woweruza wapakati, Mark Irvings, anagamula mokomera timu. Apa ndi pamene ndinakhalitsa powerenga, chifukwa poyamba chigamulocho chimaoneka chachilendo. Masiku 171 akuoneka poyera, nanga umboni wina ukufunika wotani? Vuto ndi lakuti lamulo silinanene kuti wosewera wokonzeka ayenera kukwezedwa. Kuti Bryant apambane, anayenera kusonyeza kuti timu inachita dala mwachinyengo, ndipo zimenezo zili mumtima mwa munthu. Timu ili ndi chonena nthawi zonse: sanakhwime pa kagwiridwe ka mpira, pamalo pake pali wina, tikumuteteza kuti asavulale. Zifukwa zonsezi zikhoza kukhala zoona, ndipo palibe sikelo yoyezera kukhwima kwa wosewera. Bryant anakhala mfulu itatha nyengo ya 2021 m'malo mwa 2020, nasaina ndi Colorado Rockies kontrakiti ya zaka zisanu ndi ziwiri ya madola 182 miliyoni. Sanasauke ayi. Koma chaka cha unyamata wake chinagulidwa pa mtengo umene sanausankhe yekha.

Si Cubs yokha. Atlanta inakweza Ronald Acuña Jr. pa 25 April 2018, Toronto inakweza Vladimir Guerrero Jr. pa 26 April 2019. Zikuoneka ngati anyamata aluso ku America amakhwimira pamodzi kumapeto kwa April.

Kuti ndisangoweruza matimu, ndinayang'ananso mbali ina, ndipo iliko ndithu. Mike Trout, amene ambiri amamutenga ngati wosewera wopambana wa m'badwo wake, anakwezedwa ndi Angels mu July 2011 ali ndi zaka 19, ndipo sanawale. Anayamba nyengo ya 2012 ku Triple-A, nabwerera kumapeto kwa April ali wina. Ya Jarred Kelenic, mnyamata waluso wa Seattle Mariners, ndiyo yosokoneza kwambiri. Mu February 2021 mkulu wa Seattle Mariners, Kevin Mather, analankhula pa msonkhano wina momasuka mopitirira, mpaka kuvomereza kuti timu inkasunga anyamata ake kumunsi poopa kuyamba kuwerenga masiku awo. Mawu aja atafalikira anatula pansi udindo. Anthu anakwiya m'malo mwa Kelenic. Atakwezedwa mu May, mnyamatayo anafika pokanika kumenya mpira maulendo 39 otsatizana, nabwezedwa kumunsi mu June. Ndiye kuti cholinga cha timu chinali chokhota, komanso wosewerayo anali asanakonzeke. Zonse ziwiri zinali zoona nthawi imodzi, ndipo wopenya ali kunja sakanatha kuzisiyanitsa. Chipatso chothyola chosapsa chimawawasa ndithu, koma mwini munda akamanena kuti sichinapse pomwe iye akudikira mtengo ukwere pa msika, m'pomveka anthu kumukayikira.

Chimene ndinaphunzirapo kwambiri ndi momwe anayesera kukonza vutoli. Eni matimu atatseka masewera kwa masiku 99, kuyambira December 2021 mpaka March 2022, mgwirizano watsopano wa iwo ndi bungwe la osewera sunayese kuweruza mitima ya akuluakulu a matimu. Unangosintha phindu. Mnyamata wotchuka akakhala woyamba kapena wachiwiri pa voti ya Rookie of the Year, amapatsidwa chaka chathunthu ngakhale anakwezedwa mochedwa. Ndipo timu imene yakweza mnyamata wotchuka koyambirira, n'kukwanitsa chaka chonse, n'kupambana mphoto yaikulu, imapatsidwa mwayi wowonjezera wosankha wosewera pa draft. Chaka chomwecho Mariners, timu ya Mather yomwe ija, inayamba nyengo ndi Julio Rodríguez. Anatenga Rookie of the Year, timu inapeza mwayi wake. Adley Rutschman wa Baltimore anakwezedwa mu May, nakhala wachiwiri, napatsidwa chaka chathunthu.

Kwa ine njira imeneyi ndi yanzeru kuposa mlandu wa Bryant, ngakhale ili ndi mabowo. Imateteza okhawo amene amawala nthawi yomweyo. Mnyamata wabwino koma wosafika pa awiri oyambirira akhoza kuchedwetsedwabe popanda wofunsa. Ndiponso tsogolo la kontrakiti ya munthu tsopano likudalira mavoti a atolankhani, zimene sindikuganiza kuti ndiyo ntchito yawo.

Pa pepala langa ndinatsiriza ndi Paul Skenes wa Pittsburgh Pirates, woponya mpira amene anasankhidwa woyamba pa draft ya 2023. Timu inamuyambitsa nyengo ya 2024 ku Triple-A, ikuti dzanja lake lizolowere ntchito pang'onopang'ono, ndipo kwa woponya chifukwa chimenechi n'chomveka kuposa chimene Cubs inapereka. Anakwezedwa pa 11 May, mu July ndiye anayamba kuponyera National League pa All-Star Game, masewera a osewera opambana a ligi ziwirizi, ndipo anatenga Rookie of the Year. Lamulo latsopano linamupatsa chaka chathunthu. Pirates inataya masewera amene akanaponya mu April, sinasunge chaka chowonjezera, ndipo mwayi wa pa draft uja sinaupeze chifukwa inamukweza mochedwa.