Sabata imene ndinatsata matimati kuchokera ku dimba mpaka pachiwaya

Ndine mlangizi wa zaulimi m'dera lina la boma la Ntcheu, kumene matimati ndiwo amalipirira ana sukulu ndi kugulira mabanja feteleza wa chimanga. Lolemba m'mawa mnzanga wa zaumoyo anandiuza kuti kuchipatala chaching'ono cha kwathu kwafika anthu angapo otsegula m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo ambiri mwa iwo anali atadya chipisi cha pachiwaya chothira saladi ya matimati osaphika. Tinagwirizana kuti iye akaone madzi ndi ukhondo wa ogulitsa, pamene ine nditsate matimatiwo kubwerera kumene anachokera.

Lachiwiri ndinatsikira ku madimba a m'mbali mwa kamtsinje kamene m'chilimwe muno katsala pang'ono kuphwa. Alimi akumba zitsime zosaya pakati pa dambo, ndipo pa zitsime zomwezo ng'ombe ndi mbuzi zimamwa madzi n'kusiya ndowe m'mphepete. Bambo amene ndinawapeza anali kuthirira ndi kheni, madzi akugwera pamwamba pa mbewu, matope akudumphira pa zipatso zimene zinali zitagona pansi chifukwa mbewuzo sizinazikidwe timitengo. Pa tsinde lililonse panali zitosi za nkhuku zosawola, zimene anathira masabata awiri apitawo poona kukwera mtengo kwa feteleza. Nditawafotokozera chimene ndinadzera, anandiyankha modekha kuti, "Alangizi, taonani nokha, masamba ndi obiriwira, palibe yofota, ndipo mbozi ija ya Tuta ndinaipopera mankhwala. Matendawo ali pati?"

Funso lawolo linali la munthu wodziwa ntchito yake, ndipo ndi pomwe pagona vuto lonse. Mlimi wa matimati amadziwa matenda amene amaoneka ndi maso, monga chiwawu ndi kufota kwa mbewu kumene kumayamba ndi mabakiteriya a m'nthaka, koma tizirombo totsegula anthu m'mimba monga Salmonella ndi mitundu ina ya E. coli sitidwalitsa mbewu. Tizirombo timeneti timakhala m'matumbo a nkhuku, ziweto ndi anthu, timatuluka ndi zitosi kapena ndowe, ndipo timatha kukhala ndi moyo m'nthaka yonyowa kwa masabata ngakhale miyezi. Tomato amene ali nato amapsa bwino, amafiira bwino, ndipo sanunkha. Mankhwala a mbozi satipha, ndipo kuwawasa kwa tomato nakonso sikukwanira kutipha. Ndinawauza bambowo kuti alimi a maiko ena amatsata lamulo lakuti manyowa osawola athiridwe masiku 120 asanakolole mbewu imene imakhudza dothi, kapena masiku 90 ngati siikhudza, ndipo kwa ife njira yapafupi ndi kuunjika zitosizo pa mulu wa kompositi kuti zitenthe ndi kuwola zisanapite kumunda.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndinachiona Lachitatu. Mabanja anali kuthyola matimati dzuwa lili paliwombo kuti galimoto ya mavenda iwapeze atalongedza, ndipo amayi anali kuwamiza m'beseni la madzi ozizira a pachitsime kuti achotse fumbi, aoneke owala pamsika. Amachita zimenezi ndi mtima wofuna ukhondo, koma apa ndi pamene ngozi imakula. Tomato wotentha ndi dzuwa akalowa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwake umafinyika, ndipo amayamwa madziwo kudzera pa chipsera chimene chimatsala pamene panali kaphesi, komanso pa ming'alu ya khungu. Ngati m'madzimo muli Salmonella, amalowa mpaka m'kati mwa chipatso, kumene wogula sangamuchotse ngakhale atatsuka ndi madzi a pampopi kangati. Beseni limodzilo linatsuka madengu ambiri osasintha madzi, kotero kuti tomato mmodzi wokhala ndi zitosi akanatha kupatsira ena onse. Ndinakhala pansi ndi amayiwo n'kuwapempha kuti azithyola m'mamawa zipatso zisanatenthe, asamazimize m'madzi, ndipo ngati kutsuka kuli kofunika, madziwo akhale a pamjigo, othira klorini, ofundirapo kuposa tomatoyo, ndiponso osinthidwa pafupipafupi. Mayi mmodzi wachikulire anafunsa kuti, "Nanga mwanangu, venda akakana matimati afumbi, mudzagula ndinu?" Ndinavomereza kuti nkhawa yawo ndi yoona, ndipo tinagwirizana kuti mbewu zikazikidwa timitengo ndi kuphimbira nthaka ndi udzu, fumbi ndi matope zimachepa zokha.

Lachinayi ndinalemba lipoti ndi kukaonana ndi a gulupu, amene analonjeza kuti anthu amanga mpanda kuzungulira zitsime zothirira ndi kupatula malo omwera ziweto kumunsi kwa madimba.

Lachisanu tinakumana ndi mnzanga uja pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1. Tinapeza kuti ena mwa anyamata a ziwaya amagula matimati ong'aluka chifukwa ndi otsika mtengo, amawadula m'mawa ndi mpeni umene adulira nkhuku yaiwisi, ndipo saladiyo imakhala padzuwa mpaka madzulo. Tomato akadulidwa, madzi ake amasanduka chakudya cha tizirombo, ndipo m'kutentha kwa Okutobala timachulukana msanga. Matimati omwewo akanathiridwa mu ndiwo n'kuwira bwino, ngoziyo ikanatha, pakuti moto umapha tizirombo timeneti. Anyamatawo anamvetsera mwachidwi pamene mnzangayo anawakumbutsa za kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, chifukwa ambiri a iwo anataya abale kapena malonda nthawi imeneyo.

Ndinasamala kuti ndisaloze chala alimi pagulu. Mu 2008 ku United States anthu oposa 1,400 anadwala ndi Salmonella, akuluakulu anayamba ndi kuchenjeza za matimati, kenako zinadziwika kuti gwero lalikulu linali tsabola wochokera ku Mexico, koma alimi a matimati anali atataya kale chuma chambiri. Mphekesera yotere ikafika pa misika ya ku Lizulu kapena ku Tsangano, amene angavutike ndi mayi wa dengu limodzi, ndiye chifukwa chake ndinasankha kulankhula ndi banja lililonse pa dimba lake.

Pobwerera ndinadutsa kwa bambo aja a Lachiwiri, ndipo ndinawapeza atadula nsungwi zozikira mizere itatu yoyamba, zitosi zotsala ataziunjika pambali n'kuziphimba ndi udzu. Anandipempha kuti ndibwerenso Lachiwiri likudzali ndi mnzanga wa zaumoyo kuti awaonetse muyeso wa klorini pa ndowa ya malita 20.