Lachitatu: malume okamidwa

Mkaka wafika mochedwa lero. Mnyamata amene amatibweretsera pa njinga kuchokera ku Bvumbwe tayala linamuphwera panjira, moti tiyi wam'mawa tangomwa wosathira kanthu. Utafika ndauwiritsa msangamsanga, kuopa kuti ungasase ndi kutenthaku.

Madzulo ndikupatula nyemba, mwana wanga wa Fomu 2 watulukira ndi kope la Chingelezi, nkhope ili gwaa.

"Amayi, apa alemba kuti *he milked his uncle for years*. Malume amakamidwa ngati ng'ombe?"

Ndaseka mpaka nyemba zina kutayikira pansi. Ndamukumbutsa za msuweni wake uja amene amaimba foni pa 28 mwezi uliwonse, malipiro akangolowa. Wamvetsa nthawi yomweyo.

Koma funsolo landikhala mumtima, ndiye ndatsegula dikishonale pafoni kuti ndione kumene liwu la *milk*, mkaka, linachokera. Zaka zoposa 1,000 zapitazo Angelezi ankalemba *meolc* kapena *milc*. Ajeremani amati *Milch*, Adatchi *melk*, ndipo bambo a mwanayu, amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg, alowerera ali pampando kuti m'Chiafirikanzi ndi *melk* yemweyo. Chandigwira mtima ndi muzu wake. Akatswiri a zilankhulo amati onsewa anachokera ku liwu lakalekale, *melg*, la kusisita kapena kupukuta, mmene dzanja limatsetserekera pa bere la ng'ombe. Liwu la Chilatini la kukama, *mulgere*, ndi m'bale wawo. Ndiye kuti dzinali linayambira m'manja mwa wokama, zoyera za m'chigubu n'kulitengera pambuyo. Wokama malume uja sanapotoze chilichonse, wangobwerera kwa makolo.

Masiku ano liwuli lafika ndi kwina kopanda ng'ombe: mkaka wa soya amautchanso *milk*. Mu 2017 khoti la European Union linagamula kuti zakumwa zochokera ku zomera ngati soya zisamagulitsidwe ndi dzinali. Ine sindikuona kuti pakamwa pa anthu pangamvere khoti.

Cha m'ma 7 koloko magetsi azima. Tatuluka pakhonde, ndipo ndamulozera Mlalang'amba, umene Angelezi amati *Milky Way*. Ngakhale *galaxy* anachokera ku *gala*, mkaka m'Chigiriki. Wayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Ukuoneka ngati ufa wotayika, Amayi, osati mkaka."

Kenako wafunsa ngati mu poto mwatsalako woti amwe asanagone.