Zikomo anthu a kufupi ndi Chongoni

Ife ophunzira mbiri ya zaluso ku yunivesite tikuthokoza anthu a m'mudzi wina ku Dedza. Galimoto yathu itatitimira m'matope popita kukaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, anyamata anayi anaikankha, ndipo mayi wina anatisungira makamera m'nyumba mwawo mpaka mvula itakata.

Zikomo kwambiri agogo amene munatiperekeza kuphanga. Munatiletsa kuwaza madzi pamwala. Ena amatero kuti utoto uwale pachithunzi, koma madziwo amasungunula dothi loyera lomwe anajambulira. Munati tidikire dzuwa lipendeke. Kuwala kochokera m'mbali kunaonetsa mizere yofiira ya Akafula, anthu akale okhala kuderali Achewa asanafike, pansi pa zithunzi zoyera za nyama zojambulidwa ndi Achewa, mizere yomwe masana sinkaoneka n'komwe. Chithunzi chilichonse tinachijambula titaika rula pambali, osakhudza mwala. Kafukufuku wathu wa chaka chino wagona pa kusanjikizana kwa zojambula za mitundu iwiriyi.